Galimoto za Hybrid pa Ntchito ya Takisi: Phindu Lake Adye Ndani?

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

Yakwananso nthawi ya pulogalamu yathu ya zapamsewu. Lero ndikufuna ndicheze makamaka ndi anthu awiri: inu bwana amene muli ndi matakisi, kaya awiri kaya khumi, ndi inu adalaivala amene mumalawirira kusanache kukagwira mzere pasiteji. Ena nonsenu musachoke, chifukwa takisi mumakwera, ndipo mafuta akakwera mtengo, ndalama yowonjezerayo imatuluka m'thumba mwanu.

Nkhani yathu ndi ya galimoto zimene anthu akuzitchula kuti hybrid. Mwaziona m'misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu: Toyota Aqua, Prius, Honda Fit, Corolla Fielder, ndi Sienta zina za mtundu watsopano. Ndi zija zimakufikani kumbuyo pamsika osamveka, mpaka hutala italira ndiye mukudzidzimuka. Eni matakisi ambiri akufunsa ngati kuli kwanzeru kugula zimenezi. Ena akuti ndi chipulumutso masiku a mizere ya petulo. Ena akuti ndi msampha, batire likafa galimoto yasanduka chikwere cha nkhuku. Onse awiri ali ndi mfundo, koma pali funso lina limene amalilumpha, ndipo tilifika posachedwa.

Tiyambe ndi zimene zili m'kati mwa galimotoyi. Hybrid imamwa petulo ngati galimoto ina iliyonse. Mitundu ndatchulayi simuilumikiza kumagetsi a ESCOM, ndiye kuzimazima kwa magetsi sikukuikhudza. Kusiyana kwake n'kwakuti pambali pa injini pali mota ya magetsi, ndiponso batire lalikulu limene limakhala pansi kapena kumbuyo kwa mpando wakumbuyo. Ponyamuka, nthawi imene injini wamba imamwa kwambiri, mota ndi imene imakankha galimoto. Liwiro likakwera, injini imadzuka yokha. Mukaima pamaloboti kapena mumzere wa galimoto, injini imazima, koma galimoto ikadali yoyaka, wailesi ikulira, mpweya wozizira ukutuluka.

Nanga batirelo limadzaza bwanji? Mbali ina imachokera ku injini. Mbali ina imachokera ku mabuleki. Amene munapalasako njinga ya dainamo mukukumbuka kuti mukaitsamiritsa patayala, nyali imayaka koma kupalasa kumalemera. Ndi zomwezonso apa. Mukaponda buleki pang'onopang'ono, mota ija imasanduka dainamo, imalemeretsa matayala kuti galimoto ichepetse liwiro, ndipo magetsi amene apangidwa amapita m'batire. M'galimoto wamba mphamvu imeneyo imangosanduka kutentha pamabuleki, n'kutayika. N'chifukwa chake mabuleki a hybrid amakhalitsa kwambiri.

Tsopano ganizirani tsiku la takisi ya m'tauni. Kunyamuka, kuima, kutsitsa, kukweza, kudikira kasitomala amene walowa mushopu, kukwawa mumzere wa madzulo pakati pa Blantyre ndi Limbe. Zonse zimene zimamaliza mafuta m'galimoto wamba ndi zimene hybrid inapangidwira. Si zodabwitsa kuti anthu a matakisi ndi amene anali oyamba kuiyesa mwamphamvu.

Toyota inatulutsa Prius ku Japan m'chaka cha 1997, ndipo mu 2000 inayamba kuigulitsa m'mayiko ena. Chaka chomwecho dalaivala wina wa mumzinda wa Vancouver ku Canada anagula imodzi n'kuiika pa ntchito ya takisi, pamene anzake ambiri ankakayikira ngati ingapirire. Itayenda makilomita oposa 300,000, a Toyota anaitenga kuti akaione m'kati. Ku San Francisco, m'dziko la America, matakisi oyamba a Ford Escape Hybrid analowa mumsewu mu 2005, ndipo anapuma pa ntchito atayenda mamailosi pafupifupi 300,000, amene ndi makilomita 480,000. Ndiye funso lakuti kodi makinawa angapirire ntchito ya takisi linayankhidwa kale. Ku Japan komweko, mu 2017 Toyota inatulutsa galimoto yopangidwira takisi basi, yotchedwa JPN Taxi. Ndi hybrid, imayendera gasi, ndipo inamangidwa pamaziko a Sienta, dzina limene aliyense wokwera takisi kuno kwathu amalidziwa.

(NYIMBO PANG'ONO)

Tabwereranso. Funso lija ndinati anthu amalilumpha ndi ili: galimoto ikamwa pang'ono, ndalama yotsalayo imalowa m'thumba mwa ndani?

Mverani zimene zinachitika ku New York. Mumzinda umenewu munali matakisi achikasu pafupifupi 13,000, ambiri a iwo Ford Crown Victoria, chigalimoto chachikulu chimene chinkayenda makilomita ngati 6 okha pa lita imodzi. Mu 2007 mfumu ya mzindawo, a Michael Bloomberg, inalengeza kuti pofika 2012 matakisi onse akhale a hybrid. Mungaganize kuti aliyense anaombera m'manja, poti Escape Hybrid inkayenda mtunda wowirikiza kawiri pa lita yomweyo. Ayi ndithu. Eni makampani a matakisi anathamangira kukhothi.

Ankakana chiyani? Anatchula zifukwa zingapo, monga zakuti galimoto zing'onozing'onozi sizolimba mokwanira pangozi. Koma gwero lina lalikulu linali kayendetsedwe ka bizinesi. Kumeneko kampani imagula galimoto n'kuibwereketsa kwa dalaivala kwa maola 12 pa mtengo woikika. Mafuta amagula ndi dalaivala. Ndiye lamulo latsopano linkatanthauza kuti mwini atulutse ndalama zambiri kugula galimoto yodula, koma phindu la mafuta lonse lipite kwa dalaivala. Mu 2008 khothi linaimitsa lamulolo, ponena kuti kuika malire a kamwedwe ka mafuta ndi ntchito ya boma lalikulu la dzikolo, mzinda ulibe mphamvu zimenezo. Akuluakulu a mzinda anayesa njira ina, yolola mwini wa hybrid kuwonjezera madola 3 pa mtengo wobwereketsa komanso yotsitsa mtengo wobwereketsa galimoto zakale. Kutsitsako nakonso khothi linakukana, ndipo mu 2011 khothi lalikulu la dzikolo linakana kumva nkhaniyi. Zaka zinatha anthu akukokanakokana.

San Francisco inaponda njira ina. Mu 2008 mzindawu unalola makampani kuwonjezera madola 7.50 pa mtengo wobwereketsa galimoto yosamwa mafuta ambiri. Dalaivala ankalipira zochulukirapo pang'ono, koma zimene ankapulumutsa pa petulo zinali zoposa pamenepo. Mwini anapeza pobwezera ndalama yake, dalaivala anapita kunyumba ndi kangachepe koonjezera. Pofika 2012, matakisi oposa 9 mwa 10 alionse mumzindawo anali a hybrid kapena oyendera gasi.

Mwina mukuti za ku America zikutikhudza bwanji. Taonani mmene ambiri timagwirira ntchito kuno. Bwana amapereka makiyi m'mawa n'kunena tageti ya tsikulo. Dalaivala amathira mafuta kuchokera pa zimene watolera, madzulo amapereka tageti, zotsala n'zake. Ndi dongosolo lomwelija la ku New York. Bwana akagula Aqua n'kusiya tageti pomwe inali, iye sapindula kanthu, koma tsiku limene batire lidzafooke, adzalipira ndi iye. Akakwiya n'kukweza tageti mpaka kumeza phindu lonse, dalaivala alibenso chifukwa chosamalira galimotoyo. Adzaithamangitsa, adzaidzaza mopyola muyeso kuti akwanitse tageti, ndipo batire lidzafa msanga.

Tiyeni tiwerengere limodzi, mongoyerekeza. Tinene kuti takisi ikuyenda makilomita 150 pa tsiku. Galimoto wamba yoyenda makilomita 12 pa lita idzamwa malita 12 ndi theka. Hybrid yoyenda makilomita 20 pa lita idzamwa malita 7 ndi theka. Kusiyana kwake ndi malita 5 pa tsiku. Pa masiku 26 ogwira ntchito ndi malita 130 pa mwezi, pa galimoto imodzi. Mtengo wa lita lero mukuudziwa, chulukitsani nokha. Amene muli ndi matakisi asanu, chulukitsaninso kasanu.

Manambala amenewa ndi achitsanzo chabe. Anu enieni mudzawapeza pamsewu wanu. Musadalirenso manambala a m'kabuku ka galimoto. Aqua itatuluka mu 2011, ku Japan inalembedwa kuti imayenda makilomita 35.4 pa lita, ndipo Sienta ya hybrid ya 2015 inalembedwa 27.2. Amenewo ndi mayeso a m'nyumba yoyesera galimoto, mopanda maenje, mopanda thumba la makala kubuti. Pamsewu weniweni nambala imatsika ndithu. Njira yabwino n'kudzaza thanki, kulemba makilomita, kugwira ntchito mwachizolowezi, kudzazanso, n'kugawa. Chitani zimenezi kwa masabata awiri, bwana ndi dalaivala nonse mukuona.

Maganizo anga ndi akuti phindu limeneli ligawidwe patatu. Gawo lina likhale la dalaivala, kuti aone ubwino woponda buleki mofatsa. Gawo lina lipite kwa bwana, poti ndi amene anaika ndalama. Gawo lachitatu lisungidwe padera tsiku ndi tsiku, likhale thumba la batire, ndipo pasapezeke wolikhudza ngakhale kutagwa maliro a kuchimuna. Mgwirizanowo ulembedwe papepala. Zongouzana pakamwa zimaiwalika mafuta akakwera mtengo.

(NYIMBO PANG'ONO)

Mukumvera pulogalamu ya zapamsewu, ndipo lero tikukamba za galimoto za hybrid pa ntchito ya takisi. Tsopano tibwere ku batire limene anthu amaliopa lija.

Batire la Aqua ija ya 2011 lili ndi zigawo 20 zolumikizana, ndipo zonse pamodzi zimatulutsa mavoliti 144. La Prius ya 2004 mpaka cha m'ma 2015 lili ndi zigawo 28, mavoliti opitirira pang'ono 200. Mdani wake wamkulu ndi kutentha. Kuti lisatenthe, pali fani yaing'ono imene imakoka mpweya m'kati mwa galimoto momwe mumakhala anthu, kudzera pakazenera kokhala ndi timipata, pambali kapena m'munsi mwa mpando wakumbuyo. Adalaivala ambiri sadziwa n'komwe kuti kazeneraka kalipo.

Taganizirani takisi ya kwathu kuno m'mwezi wa October. Magalasi ali otsegula, msewu ndi wafumbi. Kumbuyo kwakhala anthu anayi pamalo a atatu. Mayi wakhala kumapetoyo, chitenje chake chaphimba kazenera kaja, ndipo pamapazi pake pali jumbo ya ufa. Fani ikukoka fumbi, ulusi wa zovala ndi tsitsi, ndipo pakapita miyezi timapiko take timamatirira zinyalala mpaka mpweya sudutsanso. Batire limayamba kutentha tsiku lililonse. Dalaivala amangoona kuti injini siikuzimanso pamaloboti ngati kale, mipiringidzo yosonyeza batire padashibodi ikukwera ndi kutsika mofulumira, mafuta ayamba kutha msanga, kumbuyo kukumveka kaphokoso ka fani. Kenako tsiku lina nyali yochenjeza imayaka. Akaiika pakompyuta, kumatuluka nambala imene amakaniko a hybrid amaidziwa pamtima, P0A80, kutanthauza kuti batire lisinthidwe.

Chopweteka n'chakuti kupewa kwake n'kotchipa. Kuchotsa fani, kuipukuta ndi kaburashi, kutsuka kasefa ngati kalipo, ndi ntchito yaing'ono kwa makaniko wodziwa. Pa takisi yoyenda m'fumbi, muuzeni aziiona nthawi iliyonse imene mukusintha oyilo. Podikira makasitomala funani mthunzi, makamaka inu a ku Chikwawa, Nsanje, Salima ndi Karonga.

Batire likafooka, mudzamva ena akuti tingosintha chigawo chimodzi chakufacho. Zimatheka, ndipo galimoto imadzukadi. Koma zigawo zinazo n'zausinkhu umodzi ndi chakufacho, ndiye musadabwe china chikatsatira pakapita miyezi. Kwa munthu wa galimoto yopitira kutchalitchi, mwina n'zopiririka. Kwa takisi, tsiku lililonse limene yagona kugalaja ndi tageti yotayika. Kumbukiraninso kuti batire, monga petulo amene amatifika kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, limagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya zipangizo za galimoto inakwera nayo. Ndiye thumba lija muziliwonjezera mitengo ikasintha.

Pogula, dziwani kuti hybrid zambiri zimene zikubwera kuno n'zogwiritsidwa kale ntchito ku Japan. Aqua ya 2012 yadutsa zaka khumi, ndipo kawirikawiri batire lake ndi lomwe linachokera nalo kufakitale. Makilomita ochepa padashibodi asakunyengeni. Batire lotere limafookanso galimoto ikangokhala miyezi osayenda. Musanapereke ndalama, pezani munthu wa kompyuta aone mphamvu ya zigawozo, ngati zikufanana kapena zina zatsalira. Dziwaninso kuti hybrid zonse si zofanana m'kati. Za Toyota zilibe kilatchi kapena magiya osinthasintha monga tinazolowera. Honda Fit Hybrid ya 2013 ili ndi giyabokosi ya makilatchi awiri, imene kampaniyo inaitanitsa kangapo ku Japan kuti ikakonzedwe. Kwa mwini matakisi angapo, n'kwanzeru kugula mtundu umodzi, kuti makaniko wanu auzolowere ndipo zipangizo zizisinthana.

Ndinene mosabisa kuti si takisi iliyonse imene ikufunika hybrid. Ngati ntchito yanu ndi ya mtunda wautali, monga Lilongwe mpaka Mchinji pa liwiro limodzi osaimaima, injini imagwira ntchito pafupifupi njira yonse, ndipo phindu limachepa. Ngati msewu wanu ndi wa makwawa ndi mathithi nthawi ya dzinja, Aqua ndi Prius n'zotsika kwambiri, mudzazikhulitsa pansi. Madzi akalowa pomwe pali batire, nkhani yake ndi yodula. Ndipo ngati mumakhala kutali ndi makaniko amene anaphunzira za galimotozi, ganizani kawiri.

Adalaivala, nazi zanu. Musayendetse hybrid mpaka petulo kutheratu. Ndikudziwa kuti masiku a mizere munthu umakakamizika, ndipo galimotoyi imatha kukwawa pang'ono ndi magetsi okha. Koma batire lalikulu ndi limene limadzutsa injini, galimoto ngati Aqua ilibe sitata ina. Mukalimaliza, ngakhale mutathira chigubu chonse injini siidzuka, ndipo kukankha sikuthandiza. Mukakhala pamzere wa mafuta, ikani giya pa P. Pa N batire silidzaza, koma mpweya wozizira ndi wailesi zikupitiriza kulidya. Potsika mapiri aatali ngati a Chikwawa, Chiweta kapena Khwekhwerere, ikani pa B, chifukwa batire likadzaza dainamo ija imaleka kugwira, ndipo injini iyenera kuthandiza mabuleki. Pamsika ndi pafupi ndi sukulu, kumbukirani kuti anthu sakukumvani. Galimoto ikafa panjira, musaikoke ndi chingwe matayala akutsogolo akugudubuzika pansi. Inyamulidwe.

Amakaniko a pansi pa mtengo, timakulemekezani, mwatipulumutsa kambiri. Koma mawaya okutidwa ndi mtundu wa olenji musawakhudze ngati simunaphunzire. Magetsi ake amapha. Dashibodi ikamaonetsa mawu akuti READY, galimoto ndi yoyaka ngakhale ili chete, ndipo injini ikhoza kudzuka nthawi iliyonse dzanja lanu lili m'kati. Oyilo wake ndi wopyapyala, monga 0W-20, chifukwa injini imazima ndi kudzuka kambirimbiri pa tsiku. Makina oziziritsa mpweya nawonso ali ndi oyilo wawo wapadera, mukathira wamba mwawononga. Achinyamata amene muli m'masukulu a ntchito zamanja, galimoto zimenezi zikuchuluka, ndipo ozidziwa bwino akadali ochepa. Mwayi wa ntchito ndi umenewo.

Nthawi yatithera. Bwana, musanatumize ndalama ku Japan, khalani pansi ndi adalaivala anu, mutenge kope ndi cholembera, muwerengere makilomita ndi malita a msewu wanu, ndipo mugwirizane za tageti galimoto isanafike paboda. Inu amene muli nayo kale, mawa m'mawa musananyamuke, tsegulani chitseko chakumbuyo, mufune kazenera kaja, muone ngati mpweya ukudutsa.

Tidzakumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi. Yendani bwino pamsewu.

(NYIMBO YOTSEKERA)